PIM ya ku Mbombwe: Mishoni Imene Inamangidwa Kawiri

Amalawi ambiri akamva dzina la Providence Industrial Mission, kapena PIM monga aliyense amaitchulira, maganizo awo amathamangira ku usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene otsatira a Mbusa John Chilembwe anatenga mikondo kukaukira atsamunda. Usiku umenewo unasinthadi mbiri ya dziko lino. Komatu tsikulo lisanafike, mishoniyi inali itatha kale zaka 15 ikuphunzitsa ana, kuumba njerwa ndi kusoka zovala, ndipo chitsegulidwirenso mu 1926 yagwira ntchito zaka pafupifupi 100. Mbiri yake ndi ya anthu akuda amene anatsimikiza mtima kuyendetsa okha mpingo, sukulu ndi chipatala, pa nthawi imene boma ndi mamishoni ena ankati munthu wakuda sangaime popanda mzungu womuyang'anira. Bungweli linamangidwa kawiri, ndipo amisiri ake onse awiri ayenera kukumbukiridwa pamodzi.

Kuchokera ku Chiradzulu mpaka ku Lynchburg

A John Chilembwe anabadwira ku Sangano m'boma la Chiradzulu cha m'ma 1871. Bambo awo anali Myao, mayi awo Mmang'anja. Mu 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa a Joseph Booth, mmishonale wa ku England amene anali atangofika kumene kudzatsegula Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. A Booth anali mzungu wosiyana ndi anzawo. Ankalipira antchito awo ndalama zambiri kuposa eni minda, ankadzudzula poyera mchitidwe wolanda malo, ndipo ankaphunzitsa kuti Africa ndi ya eni ake akuda. Azungu anzawo ankawada nazo kwambiri zimenezi. Pakhomo pawo a Chilembwe anali wophika, womasulira, komanso mlezi wa Emily, mwana wamkazi wa a Booth, amene ankadwaladwala malungo. Anabatizidwa mu Julaye 1893.

Mu 1897 a Booth ndi a Chilembwe anakwera sitima ya pamadzi kupita ku America. Kumeneko njira zawo zinasiyana mwamtendere. A Chilembwe analandiridwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, ndipo a Lewis G. Jordan, mlembi wa nthambi yake yoona za mamishoni akunja, anakhala mzati wawo kuyambira pamenepo. Anakaphunzira pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Zinali zaka zowawa kwa anthu akuda a kummwera kwa America, pakuti malamulo a tsankho anali akukhwima, ndipo magulu a azungu ankapha anthu akuda popanda kuwazenga mlandu. Koma m'kati mwa masautso omwewo a Chilembwe anaona chinthu chimene kwawo kunalibe. Anaona makoleji oyendetsedwa ndi anthu akuda, mipingo yokhala ndi chuma chakechake, manyuzipepala, madokotala ndi maloya, onsewo ana ndi adzukulu a akapolo. Anabwerako atakhutira kuti mtundu wa anthu umapeza ulemu pokhapokha ukakhala ndi mabungwe amene uli nawo m'manja mwake.

Maekala 93 a ku Mbombwe

Atadzozedwa ubusa, anabwerera kumudzi mu 1900 ndipo anagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe. Poyamba mishoniyi inkatchedwa Ajawa Providence Industrial Mission. Cholinga chake chinali chakuti mawu a Mulungu, maphunziro ndi ntchito zamanja ziyendere limodzi, kuti mkhristu azidya thukuta lake ndipo mpingo usamangodalira thandizo lakunja. M'minda ya mishoni anayesa kulima thonje, khofi ndi tiyi, mbewu zimene pa nthawiyo zinkaonedwa ngati za azungu okha.

Mpingo wa ku America unatumiza anthu awiri odzathandiza, onse akuda. Mbusa Landon Cheek anafika mu 1901, ndipo Mayi Emma DeLany, amene anaphunzira pa Spelman Seminary ku Atlanta, anafika mu 1902. A Cheek anakwatira m'banja la a Chilembwe lomwelo, moti anakhala mkamwini wa pamudzi. Mayi DeLany, pamodzi ndi Mayi Ida, akazi awo a Chilembwe, anatenga mbali ya amayi ndi atsikana. Anayambitsa makalasi a kusoka, ukhondo wa pakhomo ndi kuwerenga. Lero zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma taganizirani mtsikana wa ku Chiradzulu wa zaka zimenezo, amene mayi ake sanagwirepo singano ya kusitolo, atakhala pabenchi kudula nsalu, kulumikiza manja a diresi, kenako n'kulivala Lamlungu atalisoka yekha. A Chilembwe ankalimbikira kwambiri nkhani ya kavalidwe ndi maphunziro a akazi, chifukwa ankakhulupirira kuti mtundu sungakwere amayi ake atatsalira. Zithunzi za nthawiyo zikuonetsa abambo a PIM atavala masuti, makolala ndi zipewa, amayi atavala madiresi aatali ositidwa bwino. Azungu ambiri zinkawanyansa, pakuti mwambo wa atsamunda unali wakuti munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira avule chipewa, ndipo wonyozera ankakalipiridwa, nthawi zina kumenyedwa kumene.

Pofika mu 1906 a Cheek ndi Mayi DeLany anali atabwerera kwawo, ndipo mishoni inatsala m'manja mwa eni dziko okhaokha. Sinafooke. Mu 1909 a Chilembwe anali m'gulu la amene anayambitsa Natives' Industrial Union, bungwe lofuna kulimbikitsa alimi ndi amalonda akuda kuti azigwirizana. Pofika mu 1912, PIM inali ndi sukulu 7 zokhala ndi ana oposa 900, ndipo mipingo yake inali itafika ku Mulanje ndi kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Pakati pa 1911 ndi 1913 akhristu anamanga tchalitchi lalikulu la njerwa ku Mbombwe. Aliyense amene anaumbapo njerwa akudziwa kuchuluka kwa ntchito imeneyo: kukumba dothi, kutunga madzi, kuponda matope, kusenza zikombole, kuyanika, kupanga uvuni ndi kuusonkhezera usiku wonse. Anthu osauka anachita zonsezi popanda kampani kapena boma lowathandiza, ndipo nyumba imene inatuluka inali yoti n'kuima pambali pa matchalitchi a mamishoni a azungu popanda manyazi. Chithunzi china cha mu 1914 chikuonetsa a Chilembwe ataima ndi mnzawo wachizungu, a John Chorley, onse awiri zipewa zili kumutu.

Thangata, msonkho ndi nkhondo

Tsoka la mishoniyi linali la oyandikana nawo. Pafupi ndi maekala 93 aja panali esiteti ya Magomero ya kampani ya A. L. Bruce, ya maekala oposa 160,000. Mwini wake, Alexander Livingstone Bruce, anali mdzukulu wa David Livingstone, ndipo woyang'anira ntchito anali William Jervis Livingstone. Ambiri mwa anthu okhala pa esitetiyi anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Pokhala opanda malo awoawo, ankalipira lendi ndi manja awo, ndiye thangata imeneyo. Pa pepala inali mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, koma ku Magomero miyeziyo inkatalikitsidwa. Ntchitoyo inkafunidwa nthawi ya dzinja, pamene munthu amayenera kukhala m'munda mwake akupalira chimanga. Tsiku limene munthu sanamalize ndime yake silinkawerengedwa. Ena ankalipidwa fodya m'malo mwa ndalama, ndipo chikoti sichinkasowa m'manja mwa akapitawo.

Ambiri mwa anthu amenewa anali akhristu a PIM, ndipo madandaulo awo ankathera pakhonde la abusa. Eni esiteti sankalola sukulu kapena tchalitchi pamalo awo. Akhristu akamanga nyumba ya udzu yopemphereramo, Livingstone ankalamula kuti itenthedwe. Mu 1912 boma linakweza msonkho, ndipo chaka chomwecho ndi chotsatira chake kunagwa njala. A Chilembwe nawonso anali pa mavuto awoawo: ngongole za mishoni, chifuwa cha mphumu, maso ofooka, ndi imfa ya mwana wawo wamkazi.

Kenako nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika. Mu Seputembala 1914 asilikali akuda anafera ku Karonga pomenyana ndi Majeremani, ndipo amuna ambiri anayamba kugwidwa kuti akhale amtengatenga. Mu Novembala a Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yawo inali yomveka: ngati nkhondoyi ndi ya eni chuma ndi eni malo, apite iwowo akamenye, m'malo motuma amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye, ndipo pa nthawi ya mtendere sapatsidwa kanthu. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe, n'kuyamba kukonza zowachotsa m'dziko.

Loweruka usiku, pa 23 Januwale 1915, magulu ananyamuka ku Mbombwe. Ku Magomero anapha Livingstone n'kumudula mutu, ndipo anaphanso azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson. Akazi ndi ana a azungu anatengedwa koma sanavulazidwe, monga abusa analamulira. Gulu lina linapita ku Mandala ku Blantyre kukafuna mfuti, koma linapeza zochepa kwambiri. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya Nguludi inatenthedwa ndipo wansembe anavulazidwa kwambiri. Ku Ntcheu, a Filipo Chinyama anayesa kudzutsa anthu koma sizinapite patali. Mafumu ambiri sanalowe nawo. Pa 3 Febuluwale a Chilembwe anawomberedwa ndi apolisi akuda cha ku Mulanje, akulowera kumalire a Mozambique.

Mbiri yoona siyenera kubisa kuti pa masiku amenewo magazi anakhetsedwa mbali zonse, ndiponso kuti chilango cha boma chinaposa muyeso. Anthu pafupifupi 40 anaphedwa ataweruzidwa mothamanga, ena mwa iwo a John Gray Kufa, amene anaphunzira zachipatala ku mishoni ya Blantyre, ndi a Duncan Njilima, wamalonda wodziwika. Ena pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Midzi inatenthedwa. Tchalitchi la njerwa lija asilikali analiphulitsa ndi mabomba, lisanathe n'komwe zaka ziwiri chimalizidwire. PIM inatsekedwa, ndipo atsamunda anayesa kuti nkhani yathera pomwepo.

Mnyamata amene analondola mphunzitsi wake

Mtengo ukadulidwa mizu ili yamoyo, chitsa chimaphukira. Kwa zaka 11 akhristu otsala ankapemphera mwakabisira m'nyumba zawo, ena ali kutsidya ku Mozambique. Munthu amene anadzawasonkhanitsanso anali mwana wa sukulu ya pa Mbombwe pomwepo.

A Daniel Sharpe Malikebu anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1890. Ali mnyamata anaphunzira pa PIM ndipo ankathandiza ntchito m'nyumba ya Mayi DeLany. Mayiwo atabwerera ku America, mnyamatayu mtima sunakhale m'malo. Anathawa kwawo n'kuyenda ulendo wautali mpaka kudoko la Beira, kumene anapeza ntchito m'sitima ya pamadzi, ndipo pamapeto pake anakafika ku America. Anaphunzira pa Selma University ku Alabama, ku Durham m'chigawo cha North Carolina, ndi pa Moody Bible Institute ku Chicago. Mu 1917 anamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville, n'kukhala munthu woyamba wa dziko lino kukhala dokotala wa digiri. Panapita zaka 20 kuti Dr. Hastings Kamuzu Banda amalize maphunziro awo pa koleji yomweyo, mu 1937. Mu 1919 Dr. Malikebu anakwatira Mayi Flora Zeto, obadwira ku Congo, amene nawonso anaphunzira pa Spelman.

Munthu wa maphunziro otero akanatha kukhazikika ku America n'kumadya bwino. Iwo anasankha kubwerera ku mabwinja. Mu 1921 anafika m'malire a Nyasaland, koma boma linawakaniza kulowa, poopa kuti wabwera Chilembwe wina. Anakakhala ku South Africa, kenako ku Liberia kumene anatumikira pa Ricks Institute, uku akupitiriza kupempha chilolezo. Akhristu a ku Chiradzulu nawonso sanaleke kudandaulira boma. Chilolezo chinatuluka, ndipo mu 1926 Dr. Malikebu ndi akazi awo anafika ku Mbombwe n'kutsegulanso mishoni.

Ntchito imene inali patsogolo pawo inafuna luso losiyana ndi la amene anaiyambitsa. Maso a boma anali pa iwo usana ndi usiku, ndipo liwu limodzi lolakwika likanatseketsanso zonse. Anafunika kutsimikizira bwanamkubwa ndi ma DC kuti PIM ndi mpingo wamtendere, kwinaku akusunga chimene chinaupanga kukhala PIM: utsogoleri wa anthu akuda. Anayamba ndi kusonkhanitsa nkhosa zobalalika, kutsegula sukulu, ndi kuchiza odwala. Mayi Flora anatola ntchito imene Mayi DeLany ndi Mayi Ida anaisiya, ya kuphunzitsa amayi ndi atsikana. Akhristu anabwereranso kudothi ndi zikombole, ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 1930 tchalitchi latsopano la New Jerusalem linali litaima pafupi ndi pamene panali loyamba lija.

Ena amaona ngati Dr. Malikebu anali munthu wofatsa mopitirira, woopa kulankhula. Zochita zawo zikutsutsa maganizo amenewo. Mu 1929 anatsogolera kukhazikitsidwa kwa Chiradzulu District Native Association, limodzi mwa mabungwe a eni dziko amene ankapereka madandaulo a anthu ku boma. Nkhani zimene bungweli linkakamba zinali zomwe zija zinapweteka a Chilembwe: malo, thangata, msonkho ndi maphunziro. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano zida zinali misonkhano, makalata ndi mfundo zolembedwa. Mabungwe a mtundu umenewu ndiwo anadzalumikizana mu 1944 n'kubala Nyasaland African Congress.

Kufalikira ndi kugawikana

Mpingo unayenda ndi anthu ake. Amuna a ku Chiradzulu, Mulanje ndi Zomba akapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ankatenga chikhulupiriro chawo n'kuyamba kusonkhana m'makomboni. Motero nthambi za PIM zinamera m'mayiko amene lero ndi Zimbabwe, Zambia, Mozambique ndi South Africa, ndipo Dr. Malikebu ankayenda maulendo ataliatali kukaziyendera. Mu 1945 anazisonkhanitsa pansi pa dzina la National Baptist Assembly of Africa. Kunali kosowa pa nthawiyo kuona mpingo wokhala ndi likulu lake pamudzi wa ku Nyasaland, wotsogoleredwa ndi munthu wakuda, ukulamulira nthambi m'mayiko angapo.

Kukula kumabwera ndi mikangano yake. M'zaka za m'ma 1930 akhristu ena a m'chigawo chapakati, motsogozedwa ndi a Peter Kalemba, anapatuka n'kuyamba Achewa Providence Industrial Mission. Kupuma kwa Dr. Malikebu mu 1971, atatumikira zaka 45, kunadzanso ndi kusamvana pa nkhani za utsogoleri, ndipo ena anachoka. Mbusa Leonard Muocha ndiwo anatenga udindo, ndipo pambuyo pawo panabwera Mbusa Macford Chipuliko. Dr. Malikebu anamwalira mu 1978. Lero mpingowu umadziwika ndi dzina la African Baptist Assembly, koma pakamwa pa anthu ukadali PIM, ndipo dera lonse, msika wake ndi siteji yake zimatchedwa ndi zilembo zitatu zomwezo.

Chimene dziko lakumbukira ndi chimene latsala nacho

Dzina la a Chilembwe linakula m'kupita kwa zaka. Buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, limene linatuluka mu 1958, linadziwitsa dziko lapansi za moyo wawo pa nthawi yomwe moto wa ufulu unali utayaka mu Nyasaland. Mu 1965 boma la Malawi linatulutsa masitampa okumbukira kuti patha zaka 50 chichitikire kuukira kuja. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, tsiku la 15 Januwale linakhala tchuthi cha dziko lonse, ndipo nkhope yawo inayamba kuoneka pa ndalama za pepala, kuphatikizapo K2,000 imene inatuluka mu 2016. Mu 2022 chosema cha Samson Kambalu, chochokera pa chithunzi chija cha a Chilembwe ndi a Chorley, chinaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London, likulu la ufumu umene unawapha.

Ulemu wonsewu ndi wowayenera. Koma tikamakumbukira a Chilembwe ngati munthu wa masiku 12 a nkhondo okha, timawachepetsa. Zaka zambiri za moyo wawo zinathera pa kufunafuna malipiro a aphunzitsi, kulembera makalata ku America, kuyang'anira minda ndi kuphunzitsa ana kuwerenga. Ndipo tikaiwala Dr. Malikebu, Mayi DeLany, Mayi Ida ndi Mayi Flora, timataya theka la phunziro. Pakanapanda mphunzitsi amene anasamala mnyamata wa m'nyumba mwake, sipakanakhala dokotala wodzatsegulanso mishoni. Pakanapanda dokotala amene anapirira zaka 5 akukanizidwa kulowa m'dziko lakwawo, lero ku Mbombwe kukanakhala chipilala chokha, popanda mpingo, sukulu kapena chipatala.

Mtsogoleri amayesedwa ndi zimene zimapitirira iye atachoka. Pa muyeso umenewu PIM ili ndi zotiphunzitsa zambiri m'dziko limene mabungwe ochuluka amafa tsiku limene mwini wake waikidwa m'manda, kapena mwezi umene thandizo lakunja latha. A Chilembwe anaphunzitsa ana amene mmodzi wa iwo anadzanyamula ntchito yawo, ndipo Dr. Malikebu anaphunzitsa abusa ndi aphunzitsi amene anaipitiriza iwo atakalamba. Choncho ngongole imene dziko lili nayo ku Mbombwe singathe ndi nkhata za maluwa za kamodzi pa chaka. Iyenera kubwezedwa posamala sukulu za kumeneko kuti zikhale ndi mabuku ndi aphunzitsi okwanira, poonetsetsa kuti chipatala chili ndi mankhwala, posunga bwino makalata ndi zithunzi zakale za mishoni, ndi pophunzitsa ana athu mayina a onse amene anaimanga, woyamba ndi wachiwiri yemwe.